Isaac Newton: mlimi wolephera amene adaulula chinsinsi cha osambira

Ana a kwa Chowe ku Mangochi akamasambira amadziwa kuti ukaponda mwala n'kudzikankha, umapita mwaliwiro kuposa mnzako wongopalasa madzi ndi manja. Amene adalongosola chifukwa chake ndi Isaac Newton, munthu yemwe adatsala pang'ono kusiyira sukulu panjira.

Newton adabadwa mu 1642 m'mudzi wa Woolsthorpe ku England, bambo ake atamwalira kale. Ali ndi zaka zitatu, mayi ake adakwatiwanso n'kumusiya m'manja mwa agogo ake. Atasinkhuka, mayiwo adamutulutsa sukulu kuti aziyang'anira munda ndi ziweto, koma ulimi udamukanika. Nkhosa zinkalowerera iye maganizo ali kwina. Mwayi wake, mphunzitsi wamkulu ndi amalume ake adamuchonderera kwa mayiwo, ndipo mu 1661 adalowa yunivesite ya Cambridge.

Mu 1687 adatulutsa buku lotchedwa Principia, momwe muli malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu. Lachitatu limaphunzitsa kuti chimene wachikankha nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana, koma mobwerera kwa iwe.

Apa ndi pamene pagona mpikisano wosambira. Katswiri akafika kumapeto kwa dziwe saima. Amadzipinda, kugudubuka, n'kuponda khoma ndi mapazi onse awiri. Khomalo silisuntha, ndiye amene amaponyedwa ndi mwini wakeyo, ndipo pochoka pakhomapo amathamanga kuposa pamene akupalasa. N'chifukwa chake mtunda womwewo umatha msanga m'dziwe la mamita 25 kusiyana ndi la mamita 50 la ku Olympics: potembenukira n'pambiri.

Koma madzi si mpweya, amalemera kuuposa pafupifupi ka 800. Newton adawerengeranso kuti liwiro likawirikiza kawiri, madzi amakaniza kanayi. Ichi n'chimene osambira amawongolera thupi ngati muvi, mutu uli pakati pa mikono, akangochoka pakhoma. Ena adanyanya kuyenda pansi pa madzi moti pamitundu yambiri ya kasambiridwe lamulo tsopano limafuna kuti mutu utuluke asadapitirire mamita 15.

Zopsa mtima msanga Newton adali nazo, ndipo adakangana ndi akatswiri anzake angapo. Sadakwatire. Adamwalira mu 1727 ali ndi zaka 84, ndipo adaikidwa ku Westminster Abbey mumzinda wa London, komwe kudagonanso mafumu a ku England.