William Zeckendorf: ngongole zidamukweza, ngongole zomwezo n'kumugwetsa

Chaka chilichonse mu Sepitembala, atsogoleri a mayiko, kuphatikizapo wa Malawi, amasonkhana kulikulu la bungwe la United Nations mumzinda wa New York. Amene adagulitsa malo omwe likululi lidamangidwapo ndi William Zeckendorf, mmodzi mwa akatswiri otchuka pa malonda a malo ndi nyumba m'mbiri ya dziko la America.

Zeckendorf adabadwa pa 30 Juni 1905 m'tauni ya Paris, m'chigawo cha Illinois, koma adakulira ku New York. Mu 1938 adalowa kampani ya Webb & Knapp, yomwe pambuyo pake idadzakhala yake.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, iye adagula mwakachetechete malo ophera ng'ombe m'mbali mwa mtsinje wa East River. Ambiri ankawanyoza malowo chifukwa cha fungo, koma iye adazindikira kuti ophera ng'ombewo akangochoka, mtengo wa dera lonselo ukwera. Mu Disembala 1946 adagulitsa maekala pafupifupi 17 kwa John D. Rockefeller Jr pa mtengo wa madola 8.5 miliyoni, ndipo Rockefeller adawapereka kwaulere ku United Nations.

Koma luso lake lenileni lidali pa kapezedwe ka ndalama. Njira imene adatchuka nayo idapatsidwa dzina la Hawaii, komwe akuti adaiganizira ali patchuthi. M'malo mogulitsa nyumba yaikulu kwa munthu mmodzi, iye ankagawa umwini wake m'zigawo. Nthaka ankaigulitsa kwa ofuna phindu lochepa koma lodalirika. Ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo kwa zaka zambiri unkapita kwa ena, pomwe ena ankagula ufulu wotolera lendi. Chigawo chilichonse chinkathanso kukhala chikole cha ngongole yakeyake. Pophatikiza, ndalama za zigawozo zinkaposa mtengo wa nyumba yonse ikagulitsidwa kamodzi.

Ndi ndalama zotere, kampani yake idagula nyumba yotchuka ya Chrysler Building mu 1953, ndipo idamanga Mile High Center ku Denver, msika wamakono wa Roosevelt Field kufupi ndi New York komanso Place Ville Marie mumzinda wa Montreal ku Canada. Ndi iyenso amene mu 1948 adalemba ntchito I. M. Pei, mnyamata wojambula mapulani amene adadzatchuka padziko lonse.

Komabe akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Zeckendorf ankayamba ntchito zikuluzikulu zambiri nthawi imodzi, zina asadamalize, podalira ngongole zobweza msanga za chiwongoladzanja chokwera. Nyumba imatenga zaka kuti iyambe kubweretsa lendi, pomwe wokongoza sadikira. Mahotela ake ndi malo achisangalalo a Freedomland ku Bronx atayamba kuluza, ndalama zobwezera zidasowa, ndipo mu 1965 Webb & Knapp idagwa.

Zeckendorf adamwalira pa 30 Sepitembala 1976 ali ndi zaka 71, chuma chake chitatha. Nyumba zambiri zimene adamanga zidakalipo ndipo zidapindulitsa amene adazitenga iye atagwa. Mwana wake, William Zeckendorf Jr, adapitiriza ntchitoyi, ndipo adzukulu ake ndiwo adamanga nyumba yapamwamba ya 15 Central Park West mumzinda womwewo wa New York.