Kamuzu Banda, Mtsogoleri Amene Analamula Kuti Ana Aphunzire Chilatini

Pa 25 Novembala 1997, ku chipatala cha Garden City mumzinda wa Johannesburg, kunamwalira Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe analamulira dziko la Malawi kwa zaka 30. Kuno ku Tete dzina limeneli si lachilendo. M'bairro ya Mateus Sansão Muthemba, monganso m'madera ena a mzinda uno, muli mabanja ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize amene anakhalapo ku Malawi m'nthawi ya nkhondo, ndipo akuluakulu a m'mabanjamo amaikumbukira bwino nkhalamba ya suti yakuda, chipewa kumutu ndi litchowa m'manja. Ena amaikumbukira chifukwa cha malo amene anapeza m'dziko lake atathawa mfuti, pamene ena saiwala ubwenzi wake ndi atsamunda a Chipwitikizi. Koma pali mbali ina ya moyo wa a Banda imene siikambidwa kawirikawiri kuno, ndiyo ya m'mene analowetsera Chilatini ndi Chigiriki m'sukulu ndi m'yunivesite ya dziko lawo, komanso funso limene anasiyira mayiko onse a m'chigawo chino, loti kodi woyenera kusankha zimene ana aphunzire ndani.

A Banda anabadwira kufupi ndi Kasungu, pakati pa Achewa. Boma lawo linkanena kuti tsiku lawo lobadwa ndi 14 Meyi 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Sukulu anayambira ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, kenaka anapitiriza ku Chilanga, m'manja mwa amishoni a ku Scotland. Dzina loti Hastings analitenga pobatizidwa, potengera mmishoni wina dzina lake John Hastings. Cha m'ma 1915 mnyamatayo anachoka kwawo wapansi nakafika ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu m'dziko la Zimbabwe, komwe anagwira ntchito pa chipatala. Atachoka kumeneko analowera ku South Africa nakagwira ntchito pa mgodi wa ku Boksburg. Mpingo wa African Methodist Episcopal ndiwo unawathandiza kupita ku America m'chaka cha 1925.

Ku America anayambira pa sukulu ya Wilberforce, m'chigawo cha Ohio, ndipo kumeneko ndiko anakumana ndi Chilatini, chimene anachikonda mpaka imfa yawo. Anapitiriza maphunziro ku Indiana ndi ku Chicago, kumene analandira digiri m'chaka cha 1931. Ali ku Chicago anagwira ntchito ndi katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, yemwe ankawafunsa mawu ndi ziganizo za chilankhulo cha kwawo. Kuchokera m'mafunso amenewo munatuluka buku la galamala ya Chichewa limene linasindikizidwa m'chaka cha 1937. M'chaka chomwecho a Banda anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville. Popeza boma la Britain silinkalola munthu kuchiza m'mayiko ake ndi mapepala a ku America okha, iwo anapita ku Edinburgh nakhozanso mayeso ena m'chaka cha 1941. Anachiza odwala ku Liverpool, North Shields ndi London, ndipo kuyambira 1953 anakakhala ku Ghana.

Anabwerera ku Nyasaland pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ataitanidwa ndi achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress kuti akatsogolere nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira m'Chichewa. Anamangidwa pa 3 Malichi 1959 nakatsekeredwa ku ndende ya Gwelo, ndipo anatuluka mu Epulo 1960. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, mu 1966 linasanduka la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Banda analengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya. M'chaka cha 1968 chipani chawo chinagamula kuti chilankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi.

Pa nkhani ya maphunziro a Banda anali ndi maganizo amene sanawabise. M'zolankhula zawo ankabwereza kawirikawiri kuti munthu sangatchedwe wophunzira ngati sadziwa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ankakonda kutchula Julius Caesar, mkulu wa asilikali wa ku Roma amene analemba yekha mbiri ya nkhondo zake za ku Gaul. M'chaka cha 1981 anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere uja. Sukuluyi inali ndi nyumba ya mabuku yaikulu, mabwalo a masewera ndi nyanja yokumba, ndipo anthu ankaiyerekeza ndi Eton, sukulu ya ana a anthu olemera ku England. Ana ankasankhidwa mwa mayeso kuchokera m'maboma onse a dzikolo ndipo ankaphunzira osalipira, moti mwana wa mlimi wosauka ankatha kulowa ngati mutu wake unali wakuthwa. Aphunzitsi anali azungu, ambiri a iwo ochokera ku Britain, mayeso anali a ku Britain, ndipo mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Wopezeka akulankhula Chichewa ankalangidwa. Munthu yemwe anathandiza kulemba galamala ya Chichewa ku Chicago, nachikweza kukhala chilankhulo cha dziko, ndiye anachitsekera kunja kwa mpanda wa sukulu imene ankainyadira koposa.

Sukulu ya sekondale yokha sinawakwanire. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ndipo koleji yake yaikulu, Chancellor College, inasamukira ku Zomba mu 1973. Mkulu wa yunivesite yonse, amene amatchedwa Chansala, anali a Banda omwewo.

Pa yunivesite iliyonse yoyenda bwino, phunziro latsopano sililowa ndi mawu a munthu mmodzi. Aphunzitsi a dipatimenti amayamba ndiwo kulemba chikalata chofotokoza zimene akufuna kuphunzitsa, chaka ndi chaka, ndi mabuku amene adzawerengedwe. Chikalatacho chimapita ku msonkhano wa aphunzitsi a nthambi yonse, kumene anzawo amachifunsa mafunso: adzaphunzitsa ndani, ophunzira adzachokera kuti, mabuku alipo kapena ayi, mayeso adzakhala otani, wophunzira ayenera kukhoza maphunziro angati kuti apatsidwe digiri, ndipo akatsiriza adzakagwira ntchito yanji. Chikadutsa pamenepo chimapita ku bungwe lalikulu la aphunzitsi, limene ku Malawi limatchedwa Seneti, kenaka ku khonsolo imene imayang'ana za ndalama. Njirayi ndi yochedwa ndipo nthawi zina imatopetsa, koma imateteza wophunzira kuti asataye zaka zinayi pa digiri yopanda maziko. Akale anaona kuti mutu umodzi susenza denga.

Ku Zomba zinthu zinayenda chobwerera. Chifuniro chinachokera kumwamba, kwa Chansala, yemwe ankadandaula poyera kuti yunivesite yopanda Chilatini ndi yoperewera, ndipo ntchito ya aphunzitsi inangokhala yokonza njira yoti chifunirocho chichitike. Dipatimenti ya maphunziro a Agiriki ndi Aroma akale inakhazikitsidwa m'chaka cha 1982. Amene anaiyambitsa ndi Caroline Alexander, mayi wobadwira ku America amene anaphunzira ku Oxford, ndipo anakhala ku Zomba mpaka 1985. Mayi yemweyu ndiye anadzamasulira ndakatulo yaitali ya Homer yotchedwa Iliad m'Chingerezi, nisindikizidwa mu 2015. Boma linalimbikitsanso Chilatini m'masekondale ena, koma aphunzitsi ochidziwa anali ochepa, motero ophunzira ambiri ankafika ku Zomba asanachionepo ndipo ankayambira pa chiyambi penipeni.

Sikuti maphunzirowa anali achabe. Wophunzira ankakumana ndi Homer ndi Virgil, ndi zolankhula za Cicero m'mabwalo a milandu, ndi mafunso a Plato okhudza boma labwino ndi chilungamo. Kwa owerenga a kuno phindu lake silovuta kuliona, chifukwa Chipwitikizi chimene ana amaphunzira m'sukulu za ku Tete ndi mwana wa Chilatini. Mawu oti água anachokera ku aqua, lei anachokera ku lex, ndipo terra sanasinthe n'komwe. Mayina ambiri a matenda ndi a ziwalo za thupi amene anamwino amaloweza ndi a Chigiriki ndi Chilatini, ndipo malamulo a Portugal, amene Moçambique inatengerako, mizu yake ili m'malamulo a Aroma. Anyamata amene anadutsa pa seminale ya Zóbuè m'nthawi ya atsamunda anaphunzira Chilatini a Banda asanachilamule ku Malawi, ndipo akhristu achikatolika achikulire amakumbukira Misa ya m'Chilatini imene inkaimbidwa mpaka msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 utasintha zinthu.

Vuto linali loti panalibe amene akanatha kuimirira n'kufunsa. Dziko la Malawi linali losauka, malo a sekondale anali ochepa kwambiri, ndipo ndalama zochuluka zinkathera pa sukulu imodzi ya ana mazana ochepa. Dziko lolamulidwa ndi dokotala linakhala ndi dipatimenti ya Chilatini mu 1982, koma koleji yake yophunzitsa madokotala inadzatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre. Mafunso otere ndiwo amayenera kumveka pa msonkhano wa aphunzitsi, koma m'masiku amenewo kutsutsa Ngwazi kunali kudziitanira ndende. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, kufupi ndi malire a chigawo chino, ndipo boma linati inali ngozi ya galimoto. Mu Seputembala 1987 mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College pomwepo, mlakatuli Jack Mapanje, anamangidwa nakatsekeredwa ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Motero ophunzira ankawerenga za anthu a ku Athens amene ankasonkhana kudzavota, ndi kuti mawu oti demokalase ndi a Chigiriki otanthauza ulamuliro wa anthu, koma potuluka m'kalasi ankayenera kusunga pakamwa.

Ndi Moçambique a Banda anayenda njira yawoyawo. Pamene FRELIMO inkamenya nkhondo ya ufulu, iwo anasunga ubale ndi Portugal, anasankha Jorge Jardim kukhala woimira Malawi ku Beira, ndipo mu 1970 njanji yolumikiza Malawi ndi doko la Nacala inatsegulidwa. Mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukawadzudzula kuti dziko lawo likuthandiza RENAMO, zimene boma la Malawi linakana. Komabe dziko lomwelo linalandira anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo, ambiri a iwo ochokera m'chigawo cha Tete, amene anayamba kubwerera kwawo pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa ku Roma.

Mphamvu za a Banda zinayamba kugwedezeka pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo ophunzira a pa Chancellor College anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu kuichirikiza. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Banda anagonja kwa Bakili Muluzi, navomereza kugonjako. Anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, koma khoti linawamasula mu Disembala 1995. Atamwalira anaikidwa ku Lilongwe.

Mwini wake atachoka, Chilatini ndi Chigiriki zinatsala zopanda mtetezi. Kamuzu Academy inasanduka sukulu yolipira, imene ana a osauka sangaifike mosavuta monga kale, ngakhale inasunga zilankhulo ziwirizi. Ku Zomba dipatimenti ija sinafe pamodzi ndi boma limene linaibala. Inapitiriza kuphunzitsa, ndipo pakati pa aphunzitsi ake panadzapezeka Amalawi eniake, koma kuyambira pamenepo inayenera kufotokoza phindu lake pamaso pa aphunzitsi anzake ndi kupikisana ndi maphunziro ena pofuna ophunzira ndi ndalama. Mafunso amene sanafunsidwe mu 1982 anadzafunsidwa pambuyo pake, ndipo anthu ena anapitiriza kuona Chilatini ngati chizindikiro cha ulamuliro wankhanza, chonsecho chilankhulocho sichinamange munthu.

Lero mzinda wa Tete uli ndi sukulu zake za maphunziro apamwamba, monga Instituto Superior Politécnico de Tete, Universidade Púnguè ndi nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze. Maphunziro atsopano amadutsa m'makhonsolo a sukuluzi, ndipo bungwe la boma la CNAQ limaunika ngati ali oyenera. Makolo a ku Mateus Sansão Muthemba amene amadzimana kuti alipirire mwana ali ndi ufulu wofunsa ngati phunziro limene mwanayo walowa linaunikidwa, ndani analivomereza, ndipo aphunzitsi ake alipo angati. Aphunzitsi a ku Zomba a m'masiku a Kamuzu ufulu umenewu analibe.