Hermann von Wissmann: Mjeremani amene dzina lake linatsalira pa nyanja yathu

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ndi inu achikulire amene munatitsogolera pa sukulu yathu, nonse mukuudziwa mzinga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi. Unachotsedwa pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Sitimayi ndi imene inathira nkhondo sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, pa 13 Ogasiti 1914. Zimenezi ambiri tinaziloweza pokonzekera mayeso. Koma ine ndaona kuti ndi ochepa mwa ife amene tikumudziwa mwini dzinalo, choncho ndati ndikufotokozereniko mbiri yake.

Wissmann anabadwa pa 4 Seputembala 1853 mu mzinda wa Frankfurt an der Oder ku Germany, ndipo analowa usilikali ali mnyamata. M'chaka cha 1880 ananyamuka ndi Paul Pogge kulowera ku Angola, nadutsa Africa yense mpaka kutulukira ku nyanja ya mchere ya kummawa mu 1882. Kenaka analembedwa ntchito ndi Mfumu Leopold II ya ku Belgium kuti afufuze mtsinje wa Kasai ku Congo. Pa ulendo wake wachiwiri wodutsa Africa, mu 1887, anatsikira pa nyanja yathu ino ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Quelimane.

Mu 1888 anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anaukira kampani ya Ajeremani imene inalanda madoko awo. Mtsogoleri wawo anali Abushiri. Boma la Germany linatuma Wissmann kuti akathetse kuukirako, ndipo kwawo anthu anauzidwa kuti akupita kukathetsa malonda a akapolo. Iye analemba asilikali aganyu a ku Sudan ndi Amashangani a ku Mozambique. Anatentha midzi, kulanda chakudya ndi kupha anthu ambiri, ndipo Abushiri anapachikidwa ku Pangani mu Disembala 1889. Chaka chotsatira mfumu ya Ajeremani inamupatsa ulemu wa mawu oti von pa dzina lake.

Tsono nkhani yake inafika kwathu kuno motere. Bungwe lolimbana ndi ukapolo ku Germany linasonkhetsa ndalama zotumizira sitima ku nyanja za m'kati mwa Africa. Sitimayo inapangidwa ku Hamburg, ndipo mu 1892 Wissmann anabwera nayo zidutswazidutswa kudzera ku Chinde, Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire, pamene bwato silingadutse, zitsulozo zinasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, makolo athu. Anazilumikiza ku Mpimbi, ndipo mu 1893 sitimayo inadutsa nyanja ya Malombe ndi Fort Johnston, kwa Mponda, nilowa m'nyanja yaikulu. Chaka chomwecho asilikali a ulendowu anathandiza Harry Johnston pa nkhondo yake ya kwa Liwonde, ndipo Wissmann anamanga linga la Langenburg kumpoto kwa nyanja. Apa tione kuti atsamunda awiriwa, amene anadzamenyana mu 1914, poyamba ankathandizana pogonjetsa mafumu athu.

Mu 1895 anakhala bwanamkubwa wa dziko la Ajeremani la kummawa kwa Africa, koma chifukwa chodwaladwala anasiya ntchitoyo mu 1896. Anakakhala ku Austria, kumene anafa ndi mfuti yake yomwe ali kosaka nyama pa 15 Juni 1905, ali ndi zaka 51. Nkhondo imene sitima ya dzina lake inadziwika nayo sanaione. Angerezi atailanda anaikonza naitcha King George.

Nanga munthu wotere timukumbuke bwanji? Ife a ku Mangochi sitingachepetse kuipa kwa ukapolo, pakuti magulu a akapolo ankaoloka Shire pomwe pano kupita ku Kilwa. Sitima za pa nyanja zinathandizadi kutseka njira zimenezo. Komabe amene anatseka njira ya akapolo ndi yemweyo anatsegula ya msonkho ndi ntchito yokakamiza, ndipo m'dziko limene iye anagonjetsa munabuka nkhondo ya Maji Maji mu 1905, chaka chomwe anafa.

Ajeremani eni ake anaiunikanso mbiri yake. Chipilala chake, chimene chinaimikidwa ku Dar es Salaam mu 1909 nichisamutsidwira ku Hamburg, chinagwetsedwa ndi ophunzira a pa yunivesite mu 1968. Mu 2021 msewu wa dzina lake ku Berlin unapatsidwa dzina la Lucy Lameck, mayi wandale wa ku Tanzania.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Maina a Wissmann ndi Johnston analembedwa m'mabuku, koma a amtengatenga amene anasenza zitsulo zija sanalembedwe paliponse. Amene muli ndi agogo osunga mbiri ya banja ku Liwonde, kwa Mponda kapena kwa Makanjira, afunseni akali moyo, mulembe, mutumize kwa mkonzi wathu.