MAI ROSE HAWTHORNE, MTUMIKI WA ODWALA KHANSA

Kale mu mzinda wa New York ku Amereka, asing'anga akaona kuti khansa ya munthu wosauka siingachizike, ankamtulutsa m'chipatala. Achibale ena ankamthawanso, poyesa kuti nthendayo njopatsirana, ndipo ambiri ankakafera ku nyumba ya amphawi pa chilumba cha Blackwell. Kwa anthu otayidwa otere Mulungu anatuma Rose Hawthorne.

Rose anabadwa m'chaka cha 1851, mwana wa Nathaniel Hawthorne, mlembi wa mabuku womveka. Anakwatiwa ndi George Lathrop mu 1871, koma mwana wao mmodzi yekhayo, Francis, anamwalira ali wamng'ono mu 1881. Onse awiri analowa mu Eklezia Katolika mu 1891. Pambuyo pake anapatukana chifukwa cha mowa wa mwamunayo. Motero Rose anaudziwa yekha mtima wosweka asanayambe kusamala ena.

Mu 1896, ali ndi zaka 45, anaphunzira kutsuka ndi kumanga zilonda pa chipatala cha khansa, napita kukakhala m'tizipinda ta m'dera la amphawi, nayamba kulandira odwala. Kuchiza sanathe ai. Koma anazindikira kuti chimene chimazimitsa chiyembekezo si chilonda chokha, komanso manyazi ndi kusiyidwa wekha. Chifukwa chake ankawasambitsa ndi manja ake, nawatenga ngati alendo olemekezeka, osalandira ndalama kwa iwo kapena kwa abale ao.

Mtsikana wina, Alice Huber, anadza kudzamthandiza. Mwamuna wake atamwalira mu 1898, Rose anavala mwinjiro wa Dominiko Woyera, ndipo pa 8 December 1900 chipani chao cha asisitere chinakhazikika, iye natchedwa Mai Maria Alphonsa. Mu 1901 anatsegula nyumba ya odwala ya Rosary Hill. Anamwalira pa 9 July 1926, ndipo mu 2024 Papa Francis anavomereza kuti anasunga makhalidwe achikristu mwangwazi.

Masiku ano khansa yambiri imachizika ikapezeka msanga. Choncho tisachedwe kupita ku chipatala. Koma pokazonda wodwala, tisafunse za ululu wokha. Ngati wakana chakudya, watembenukira ku khoma, ndipo sanenanso za mawa, tidziwe kuti mtima wake wafooka. Tikhale naye pansi, timve zimene zikumsautsa, tiuze asing'anga ndi ansembe, ndipo mawa tibwerenso.