Johnson, mmishonale wa diso limodzi

Mwera wa ku Lifuwu, kufupi ndi Kuti m'boma la Salima, ndi womwe udagubuduza boti ndi kumiza Bishopu Chauncy Maples mchaka cha 1895. Koma lero tikufuna tikumbukire bwenzi lake lapamtima lomwe lidatsala, William Percival Johnson.

Johnson adabadwa mchaka cha 1854 ku England, ndipo adadziwana ndi Maples pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford. Adalowa mishoni ya Angilikani ya UMCA mchaka cha 1876, nadzafika m'mbali mwa nyanja yathuyi patapita zaka zowerengeka.

Mchaka cha 1884, ali ku Quelimane, adadwala nthenda ya maso yomwe idamuchititsa khungu. Madokotala a ku England adangokwanitsa kubweza kuwala pang'ono m'diso limodzi. Ambirife tikadapachika ntchito pomwepo. Iye adabwerera kunyanja, nakhala zaka zambiri m'sitima za mishoni, poyamba Charles Janson, kenaka Chauncy Maples, akuyendera midzi ndi sukulu za m'magombe.

Chotidabwitsa n'chakuti ntchito yomwe timamukumbukira nayo ndi ya maso: kumasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Munthu wa diso limodzi, lofookanso, sangathamange ndi tsamba. Amayandikiza buku kunkhope, kutola liwu limodzi, kulisinkhasinkha, n'kufunsa eni chilankhulo ngati likumveka bwino m'makutu mwawo. Ndipo sitima si malo abata. Injini ikulira, mafunde akuomba, anthu akukwera ndi kutsika. Bata lomwe ntchitoyi inkafuna adalipeza mumtima, m'mapemphero a m'mawa ndi madzulo omwe mpingo wake umasunga.

Ife maso tili nawo awiri, ndipo Baibulo ambirife tili nalo m'foni. Komatu m'foni momwemo ndi momwe uthenga wa pa WhatsApp umatipeza tisadamalize ndime imodzi ya Salimo, ndipo chala chimathamangira komweko. Sitikunyoza foni ayi. Tikungoona kuti munthu wosaona bwino uja adawerenga mozama kuposa ife openya.

Oxford idamulemekeza ndi digiri yaulemu mchaka cha 1911. Sadapume. Adalembanso mabuku, kuphatikizapo Nyasa, the Great Water la mchaka cha 1922. Adamwalira mu Okutobala 1928 ku Liuli, kutsidya kwa nyanja m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ndipo adaikidwa komweko.