Dotolo Willem Dicke, Sing'anga wa Ana

Munthu woyenda m'mamawa mu Lilongwe, kucokera ku msika wa ku Old Town kufikira ku maofesi a ku City Centre, aona buledi, masikono ndi mandasi pali ponse. Zonsezi zipangidwa ndi ufa wa tirigu, ndipo ambiri a ife tizidya ndi mtendere. Koma alipo ena amene tirigu awaononga m'mimba. Amene adazindikira cimeneci ndiye Dotolo Willem Karel Dicke wa ku Holland, ndipo lero tifotokoza za moyo wace.

Adabadwira m'mzinda wa Dordrecht pa 15 February, 1905. Ataphunzira zausing'anga ku Leiden, adadzipereka ku nchito yociza ana, ndipo m'caka ca 1936, ali ndi zaka 31 zokha, adaikidwa kukhala mkuru wa cipatala ca ana ca Juliana ku The Hague.

M'cipatalamo munkagonekedwa ana odwala nthenda yomvetsa cisoni, dzina lace coeliac. Mwana ankatsegula m'mimba kosalekeza, mimba nkutupa, miyendo nkuonda, msinkhu osakula, ndipo ambiri ankafa. Dotolo Samuel Gee wa ku London adaalongosola kale za nthendayi m'caka ca 1888, koma gwero lace silidadziwike. Ku America ankadyetsa odwalawo nthoci zambiri. Anawo ankapezadi bwino, koma cowathandiza ceniceni cinali kusiya buledi.

Dicke sadanyoze zimene makolo ankamsimbira za ana ao. Pomva kuti ena nthenda iwakulira akadya buledi, adayamba kuwaletsa tirigu, nalemba zimene adaona m'caka ca 1941. Koma madotolo ambiri sadasamaleko.

Umboni waukuru udadza ndi tsoka. M'nyengo yacisanu ya 1944 kulowa 1945, nkhondo yaciwiri iri pafupi kutha, asilikari a Germany adatseka njira za cakudya, ndipo kuzambwe kwa Holland kudagwa njala yoopsya. Anthu ngati 20,000 adafa, otsala nkumadya ngakhale mizu ya maluwa. Buledi adasowa. Pamenepo padaoneka cinthu codabwitsa: pamene anthu onse anali kuonda, ana a nthenda ija adayamba kupeza bwino. Buledi atabweranso, nthenda idawabwerera.

Wina akadakhutira ndi zimenezi, koma Dicke adafuna umboni wa pa sikelo. Pamodzi ndi anzace awiri a ku Utrecht, van de Kamer ndi Weijers, ankayesa cakudya ciri conse ca mwana, nayesanso mafuta oturuka m'cimbudzi cace, pakuti matumbo odwala alephera kutenga mafuta. Inali nchito yonyansa kwa ambiri, koma adaipirira zaka. M'caka ca 1950 adaonetsa poyera kuti ufa wa tirigu ndi wa rye ndiwo udwalitsa anawo. Pambuyo pace atatuwo adapezanso kuti coipa si ufa wonse ai, koma gawo lace lomata, dzina lace gluten, limene licititsa ufa wokanda kutamuka ngati ulimbo.

M'caka ca 1957 adakhala mphunzitsi wamkuru wa zausing'anga ku Utrecht ndi mtsogoleri wa cipatala ca ana ca Wilhelmina. Adamwalira pa 27 April, 1962, ali ndi zaka 57.

Lero cidziwika kuti mwa odwalawa gluten autsa thupi kuti lidziononge lokha m'kati mwa matumbo ang'ono, ndi kuti mankhwala ace ndiwo kuleka tirigu, rye ndi barele moyo wonse. Ife kuno tiri ndi mwai, popeza cimanga, mpunga, cinangwa, mbatata, mapira ndi mawere ziribe gluten. Komabe makolo asaweruze okha: kutupa mimba ndi kutsegula kwa ana kawirikawiri zicokera ku njoka za m'mimba kapena kuperewera kwa cakudya. Mwana wotere apite naye ku cipatala asanamletse kanthu.

Nayenso Eklezia adakumbukira odwalawa. Mkate wa pa Misa uyenera kukhala wa tirigu, koma kalata yocokera ku Roma m'caka ca 2003 idabvomereza kuti alandire mkate wocepa gluten, kapena alandire m'cikho mokha.

Ana osawerengeka akula ndi kukalamba cifukwa sing'anga mmodzi adamvetsera makolo, napenyetsetsa ngakhale pakati pa njala, osatopa kuyesa kufikira coona citaoneka.