Moyo wa Bram Fischer, Wapampando wa Bungwe la Maloya a ku Johannesburg

Ambiri a ife m'Bungwe lino tiri ndi atate kapena agogo amene anapita ku Joni pa ulendo wa Wenela, ndipo ena mwa akulu amene timakhala nao pa misonkhano anatsikamo okha m'migodi ya golidi ija. Cifukwa ca ici Komiti yaona kuti nkwabwino kuti m'lipoti la caka cino mukhale mbiri ya Mzungu wina wa dziko limenelo, Abram Fischer, amene anzace ankamucha Bram. Iye anali loya womveka, nasankhidwa kutsogolera bungwe la maloya anzace. Ndipo patapita zaka zinai zokha bungwe lomwelo linapempha bwalo la milandu kuti dzina lace lifafanizidwe m'buku la maloya.

Fischer anabadwa pa 23 April, 1908, ku Bloemfontein, m'banja lomveka pakati pa Mabunu. Agogo ace, Abraham Fischer, anali Nduna Yaikulu ya Orange River Colony kuyambira 1907 kufikira 1910, ndipo atate ace, Percy Fischer, anadzakhala mkulu wa oweruza a ku Orange Free State. Mnyamatayo anaphunzira ku Grey College, namveka pa masewera a mpira wa rugby, kotero kuti m'caka ca 1928 anasewera nao polimbana ndi timu ya ku New Zealand. M'caka ca 1931 anapita ku Oxford kukaphunzira za malamulo. Anthu a mtundu wace ankayembekeza kuti mwana wotere adzakhala Nduna Yaikulu ya dziko lonse, kapena mkulu wa oweruza onse.

Cimene cinampatutsa pa njira imeneyo cinali kanthu kakang'ono. Ali mnyamata anapita ku msonkhano wa kabungwe kena ka ku Bloemfontein m'mene Azungu ndi anthu akuda ankakambirana za mabvuto a m'mudzi. Pofika pamenepo kunali koyenera kuti apatsane moni wa m'manja ndi munthu wakuda, ndipo iye anamva kunyansidwa mumtima mwace. Cinthuci cinamsautsa masiku ambiri, pakuti pa ubwana wace, ku munda wa atate ace, anzace osewera nao anali ana akuda, ndipo sanaone cobvuta. Tsono anazindikira kuti kunyansidwako sanabadwe nako iai, koma anacita kukuphunzira. Nkhani iyi anaifotokoza yekha m'bwalo la milandu m'caka ca 1966.

Anayamba nchito ya uloya ku Johannesburg m'caka ca 1935, nakwatira Molly Krige mu 1937. Pano tiyenera kufotokoza makhalidwe a nchitoyi m'dziko limenelo. Maloya alipo a mitundu iwiri. Ena ndiwo amene munthu wa mlandu amayamba kupitako, monga anali Nelson Mandela ndi Oliver Tambo. Ena, amene m'Cingerezi amachedwa advocate, ndiwo amalankhula m'mabwalo akulu atapemphedwa ndi anzao oyamba aja. Fischer anali wa mtundu waciwiriwu. Maloya otere ali ndi bungwe lao m'mzinda waukulu uli wonse, ndipo caka ndi caka amasankha komiti yoyang'anira mwambo wa nchito, kumva madandaulo, ndi kulanga membala wocita zosayenera. Cuma ceni ceni ca bungwe lotere ndico kukhulupirika kwa mau: woweruza ayenera kudziwa kuti cimene loya wanena pamaso pace ncoona.

Pa cinthu cimeneci panalibe wokayika Fischer. Milandu yace yambiri inali ya makampani a migodi, ya kagawidwe ka madzi, ndi ya umwini wa zinthu zopangidwa catsopano, ndipo m'caka ca 1951 anapatsidwa ulemu wa King's Counsel, umene umapatsidwa kwa maloya akulu okha. Koma munthu yemweyo, pofika zaka za Nkhondo Yaciwiri, anali membala wa cipani ca Komyunizimu, cimene masiku amenewo cinkalandira anthu a mitundu yonse mosasankha. M'caka ca 1943 anathandiza Dr. A. B. Xuma kukonza malamulo atsopano a African National Congress. Pa 12 August, 1946, anchito a m'migodi oposa 60,000 ananyanyala nchito, motsogozedwa ndi J. B. Marks, pofuna malipiro a masheleni 10 pa tsiku. Apolisi anathetsa kunyanyalako sabata isanathe, anthu ena naphedwa, ndi oposa 1,000 nabvulazidwa. Pakati pa iwo amene Boma linawazenga mlandu pambuyo pace panali Fischer, loya wa eni migodi omwewo. Sitinena kuti maganizo ace onse anali olunjika. Iye anakhulupirira dziko la Russia kufikira imfa yace, ngakhale pamene ena anacoka m'cipanico ataona zimene zinacitika ku Hungary mu 1956.

Codabwitsa ncakuti maloya anzace, ambiri a iwo osagwirizana naye konse pa ndale, anamsankha kawiri kawiri kukhala m'komiti yao, ngakhale Boma litaletsa cipani cace ndi lamulo la 1950. Zaka zimenezo bungwe linakomana ndi funso la khungu. Bungwe la ku Pretoria linkalandira Azungu okha, koma la ku Johannesburg linalibe lamulo lotero, ndipo Fischer anali mmodzi wa iwo amene anafuna kuti khomo likhale lotsegukira loya ali yense. M'caka ca 1956 Duma Nokwe anakhala munthu wakuda woyamba kulowa nchitoyi ku Transvaal, ndipo mu 1957 analowa Ismail Mahomed, Mmwenye. Bungwe linawalandira, koma lamulo la Boma logawa malo monga mwa mitundu linawaletsa kukhala ndi ofesi m'nyumba ya maloya. Nokwe anakhala m'ofesi ya George Bizos mosatsata lamulolo, ndipo Mahomed anangoyendayenda m'maofesi a anzace zaka zambiri. Apa ndipo pamene panalekeza mphamvu ya bungwe. Linatha kulemba dzina la munthu m'buku lace, koma silinathe kumpatsa mpando ndi tebulo. Mahomed yemweyo anadzakhala mkulu wa oweruza onse a South Africa.

Pa mlandu waukulu woukira Boma, umene unayamba ndi kugwidwa kwa anthu 156 mu December 1956, Fischer anali m'gulu la maloya oteteza, lotsogozedwa ndi Israel Maisels. Mlanduwo unatha pa 29 March, 1961, otsala onse namasulidwa. M'caka comweco maloya a ku Johannesburg anamsankha kukhala Wapampando wa komiti yao.

Mlandu wa Rivonia, wa 1963 ndi 1964, anautsogolera yekha, pothandizidwa ndi Vernon Berrangé, George Bizos, Arthur Chaskalson ndi Joel Joffe. Anaulandira akudziwa kuti akuponda pa moto, pakuti iye mwini ankapita ku misonkhano ya mseri pa munda umene anthuwo anagwidwirapo, ndipo anchito a pa mundapo, amene Boma linawaitana monga mboni, akadatha kumloza cala. Oimbidwa mlandu ankayembekeza kunyongedwa. Pa 12 June, 1964, woweruza Quartus de Wet analamula kuti anthu asanu ndi atatu, pamodzi ndi Mandela ndi Walter Sisulu, akhale m'ndende moyo wao wonse. M'mawa mwace Fischer ananyamuka ndi mkazi wace ulendo wa ku Cape Town. Panjira galimoto yao inagwera m'madzi, ndipo Molly anamira. Patapita masiku owerengeka iye anakaceza ndi akaidi aja ku Robben Island, nakambirana nao za mlandu wao, osawauza za maliro ace.

Mu September 1964 anagwidwa iye mwini pa mlandu wa Komyunizimu. Anapempha belo kuti apite ku London kukanena mlandu wina ku Privy Council, nalonjeza kuti adzabwera. Ku London abwenzi anamdandaulira kuti asabwerere, koma iye anabwera cifukwa ca lonjezo lija, nakhala pa mlandu wace. Tsono pa 25 January, 1965, sanaoneke m'bwalo. Anatumiza kalata yonena kuti sanathawe m'dziko, koma wabisala kuti apitirize kulimbana ndi tsankho, popeza malamulo amene anali kumweruza nao anapangidwa ndi nyumba ya malamulo m'mene anthu ambiri a dzikolo analibe mau.

Pasanapite masiku ambiri komiti ya maloya, imene iye anaitumikira zaka zonse zija, inagwirizana zopempha bwalo kuti limcotse pa uloya. Mau ao sanali opanda pace: loya wamkulu amene waswa belo waswa lonjezo lace kwa bwalo, ndipo bungwe likalekerera mkulu silingathe kulanga wamng'ono. Koma mbali inayo inali ndi mau olemera koposa. Fischer sanabe ndalama ya munthu, sananamize woweruza kuti apindule kanthu, ndipo mlandu wace unali usanathe. Ndiponso bwalo la ku Transvaal lomwelo linali litakana kale, m'caka ca 1954, kucotsa Mandela pa uloya cifukwa ca mlandu wa ndale, poona kuti kuswa lamulo kotere sikusonyeza kuti munthu ngwosakhulupirika pa nchito. Ife tiona kuti cimene cinaipitsa nkhaniyi ndi liwiro lace. Boma likadatha kudzicitira lokha nchito imeneyi, koma anzace anathamanga kuicita asanamve mbali yace. Amene analemba za moyo wace anena kuti cinthu ici cinamuwawa Fischer koposa zambiri zimene anaziona masiku akubisala aja. Sydney Kentridge ndi Arthur Chaskalson anamuimirira, koma mu November 1965 woweruza de Wet, yemwe uja wa mlandu wa Rivonia, analamula kuti dzina lace licotsedwe.

Anagwidwa pa 11 November, 1965, tsiku lomwe Ian Smith analengeza ufulu wace ku Rhodesia. Anali atabisala miyezi isanu ndi inai, atasintha maonekedwe ace ndi kudzicha Douglas Black. Pa 9 May, 1966, analamulidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse, natsekeredwa ku Pretoria. Mwana wace wamwamuna atamwalira mu 1971 sanaloledwe kupita ku maliro. M'caka ca 1974 anadwala nthenda ya kansa, ndipo mkaidi mnzace Denis Goldberg ndiye ankamsamala m'ndendemo. Atafooka ndithu, Boma linalola kuti akagone m'nyumba ya mbale wace ku Bloemfontein, koma linayamba lalengeza kuti nyumbayo ndi ndende. Anamwalira pa 8 May, 1975, ali ndi zaka 67. Mtembo utatenthedwa, akulu a ndende anatenga phulusa lace, osalipereka kwa acibale.

Ulamuliro wa tsankho utatha, Mandela anakamba nkhani yoyamba ya cikumbutso ca Fischer m'caka ca 1995, ndipo mu 1997 atsogoleri a maloya anabvomera pamaso pa Truth and Reconciliation Commission kuti munthuyu anamlakwira. Koma panalibe njira ya lamulo yobwezera munthu wakufa m'buku la maloya, kotero kuti Nyumba ya Malamulo inayamba yapanga lamulo lapadera m'caka ca 2002. M'caka ca 2003, ana ace akazi awiri atapempha, Bwalo Lalikulu linalamula kuti dzina la Abram Fischer lilembedwenso m'bukumo, patapita zaka 28 cimwalirire iye. Mu 2012 bwalo la ndege la ku Bloemfontein linachedwa dzina lace.